Mutu 5: A Pazenera Ayambe Kulowa

1. Nazenera

Pabwalo la ndege panali zenera lalikulu loyang'ana kumene ndege zimaimikidwa. Munthu akafuna mtsikana wophunzira ntchito wa pachipata chachinayi, sankavutika kumufunafuna. Ankangopita pazenerapo n'kumupeza ataima chilili, chipumi chitatsamira galasi, maso ali kumitambo. N'chifukwa chake anzake anamupatsa dzina loti Nazenera. Dzinalo linamumatirira moti ngakhale amayi ake omubereka anayamba kumuitana choncho.

Nazenera anali ndi zaka 18. Atamaliza sukulu anamutenga kuti aphunzire ntchito ya pachipata kwa miyezi itatu. Ntchitoyo inali yoona ziphaso za apaulendo, kuwauza kuti afole, ndi kumwetulira ngakhale wina atamuponda chala ndi chikwama cha matayala. Tsopano panali patangotsala sabata imodzi. Ophunzira analipo asanu, koma malo a ntchito yokhazikika anali amodzi okha.

Malowo Nazenera ankawafuna ndi mtima wake wonse, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi. Wolembedwa ntchito yokhazikika ankapatsidwa mwayi wokwera ndege kamodzi pachaka pamodzi ndi wachibale mmodzi.

Amayi ake anali atagwira ntchito yokonza m'ndege kwa zaka 19. Ndege ikatera, anthu n'kutsika, iwo ankalowa ndi ndowa, burashi ndi nsanza. Ankatola zinyalala, kupinda malamba a mipando ndi kupukuta mazenera onse. M'ndege analowamo maulendo osawerengeka, koma kuuluka sanaulukepo ndi tsiku limodzi lomwe. Chitseko chikamatsekedwa, iwo ankakhala atatsika kalekale.

Tsono Nazenera akaima pazenera paja, ankalota ali maso. Ankaona amayi ake atavala diresi lawo labuluu, atakhala pampando wa pazenera, manja ali pamiyendo opanda chogwira. Ankaona mitambo ikudutsa pansi pawo, yoyera ngati thovu la sopo la m'ndowa mwawo. Ankamva ngakhale mawu awo akuti, "Iii, kodi kumwamba kuno n'kotakasuka chonchi?" Loto limeneli ankalilota tsiku lililonse, ndipo silinkamutopetsa.

2. Thireyi ya mazira

Vuto la pachipata chachinayi linali lodziwika kwa aliyense. Ndege ya masana inkanyamula anthu 180, ndipo kuti onsewo alowe ndi kukhala pansi, pankapita mphindi 25. Ndege ikachedwa kunyamuka, imakachedwetsanso anthu ena kumene ikupita, iwonso n'kuchedwetsa ena, mpaka tsiku lonse kusokonekera.

Anthufe tili ndi kamatenda kathu. Munthu chiphaso ali nacho, nambala ya mpando wake yalembedwa poonekera, palibe amene angamulande. Koma akangomva kuti chipata chatsegulidwa, amadzambatuka ngati ndegeyo imuthawa. Akalowa mkati amapeza kanjira kamodzi kopapatiza. Mmodzi akaima kuti aike chikwama m'kabati ya pamwamba, anthu makumi asanu amaima naye. Wina amakhala m'mbali mwa kanjira, kumanga lamba bwinobwino, kuvula ndi nsapato zomwe. Kenaka wa pazenera ndi uyo wafika, akuti, "Pepani achimwene, ndidutse nawo." Basi, anthu awiri adzukenso, aime m'kanjira, onse a m'mbuyo adikire.

Mkulu woyang'anira nthawi anatopa nazo. Mkuluyu onse ankamutchula kuti Bwana Wotchi, chifukwa wotchi yowerengera masekondi sinkachoka m'khosi mwake. Anzake ankanena monong'ona kuti amasamba nayo.

Tsiku lina anaitana ophunzira asanu aja n'kunena kuti, "Aliyense ndimupatsa ndege imodzi kuti alowetse anthu m'njira imene akuiona kuti ndi yachangu. Amene akwanitse m'mphindi 18, malo ndi ake. Mukalephera nonse, ndikatenga munthu kuchipata china. Sindibwerezanso."

Anayi anayesa. Wina anayamba ndi a mipando ya kumbuyo, anthu n'kukaunjikana kumbuyoko. Wina anayamba ndi a kutsogolo, zinthu n'kuipiraipira. Amene anachitako bwino anafika mphindi 21. Anatsala ndi Nazenera, ndipo tsiku lake linali Lolemba.

Lamlungu masana iye anakhala pansi pabalaza ndi thireyi ya mazira yopanda kanthu. Thireyi yotere imakhala ndi mabowo asanu ndi limodzi pamzere uliwonse, chimodzimodzi mipando ya m'ndege ija: itatu mbali ino, itatu mbali inayo. Pakati anajambulapo mzere ndi cholembera, ndiko kunali kanjira. Apaulendo ake anali zitsekerero za mabotolo.

"Amayi, taonani!" anatero. "Ayambe kulowa a pazenera, a mipando ya A ndi F. Akakhala, alowe a pakati, a B ndi E. Pomaliza alowe a m'mbali mwa kanjira, a C ndi D. Palibe amene adzutse mnzake. Aliyense akafika pamzere wake, angolowa n'kukhala."

Amayi ake anali ataviika mapazi m'beseni la madzi ofunda. Anayang'ana zitsekerero zija zikulowa m'mabowo chimodzichimodzi, n'kugwedeza mutu.

"Nzeru ndiye uli nazo, mwanangu, sindikukana," anatero. "Koma tamvera. Iwe anthu umawaona akamalowa, ine ndimawadziwa atatuluka. Ndikamakonza, mpando uliwonse umandiuza za amene anakhalapo. Pena ndimapeza kapepala kopotokolapotokola mpaka kung'ambika. Ndimadziwa kuti apa panali munthu wamantha, koma sanauze aliyense. Pena ndimapeza chotsamira mkono cha pakati chitakwezedwa, bulangeti limodzi litafunda mipando iwiri. Amenewo ndi anthu amene ayenda ulendo wonse atagwirana. Pachiphaso amalembapo nambala ya mpando basi, salembapo kuti uyu akudalira uyu. Zitsekerero zakozi zilibe mkazi, zilibe mwamuna, zilibe mantha. Ukazinyamula zimapita, ukaziika zimakhala. Tsono mawa usakangoyang'ana mapepala. Ukayang'anenso manja a anthu, uone kuti agwira chiyani."

"Ndaziganizira kale zimenezo, Amayi. A ana aang'ono ndi onse opempha thandizo alowa poyambirira."

"Opempha savuta," anatero amayi ake akupukuta mapazi. "Ovuta ndi amene amachita manyazi kupempha."

Nazenera anati eya, koma mtima wake unali kale m'mitambo. M'maganizo mwake anthu 180 anali akuyenda mwakachetechete, aliyense kulowa m'malo mwake, wotchi ikuonetsa mphindi 17.

3. Chenjezo la a Kapitawo

Lolemba m'mawa Nazenera anapita ndi thireyi yake kuntchito. Anaiika patebulo la pachipata n'kufotokoza njira yake. Bwana Wotchi anayang'ana thireyiyo, kuyang'ana mtsikanayo, n'kungoti, "Tiona."

Amene anatsala naye anali a Kapitawo, bambo wa imvi amene anali atagwira ntchito pachipatapo zaka makumi atatu. Iwowa ankadziwa kuzindikira munthu wa chikwama chopitirira muyezo akadali kutali. Anakokera Nazenera pambali.

"Mwanawe, ine pachipata pano ndakalambirapo," anayamba motero. "Njira yakoyi ndi yabwino, ndipo ikhoza kukwana m'mphindi 18. Koma ili ndi mdani mmodzi, ndiye chisoni. Abwera wina akuti mwendo ukundipweteka. Abwera wina akuti ndine bwana kwinakwake, sindiima pamzere. Wina akusekerera, wina akukalipira. Ukangolola mmodzi yekha kudumpha, onse akhala apowa aona, ndipo adzuka onse nthawi imodzi. Pamenepo mzere watha, koma wotchi ikuthamangabe. Ine ndaonapo ophunzira anzeru ngati iwe akukalirira kuseri chifukwa cha mawu akuti 'ndiloleni ine ndekha'. Tsono ukati A ndi F, akhale A ndi F. Uume mtima kwa mphindi 18 zokha. Chisoni ukachitire kunyumba. Wamva?"

"Ndamva, Bambo."

Ndege ya masana inatera, anthu anatsika, okonza analowa. Nazenera anaima pazenera lake lija akudikira. Dzuwa linali likuwala pamapiko a ndegeyo. Pa kazenera kamodzi anaona nsanza yoyera ikuzungulira pagalasi, ndipo anadziwa kuti ndi dzanja la amayi ake. Anawerenga mazenera kuchokera kutsogolo. Linali la khumi ndi chiwiri. Mumtima anati pamenepo ndi pomwe amayi ake adzakhale.

Patapita nthawi pang'ono okonza anatsika pamasitepe a kumbuyo. Amayi ake anatsika pomaliza, ndowa ili m'manja. Anayang'ana m'mwamba n'kukupiza nsanza ija kawiri, kenaka analowa m'galimoto ya okonza.

"Ndege yakonzeka," inatero wailesi ya m'manja ya a Kapitawo.

Bwana Wotchi anaika chala pabatani. "Yamba."

4. A ndi F

Nazenera anagwira maikolofoni ndi manja awiri.

"Apaulendo athu nonse, takulandirani. Lero tilowa mwanjira ina. Ayambe a ana aang'ono ndi onse ofuna thandizo. Kenaka tiitana a mipando ya pazenera. Yang'anani chilembo chimene chili pachiphaso chanu. Ngati si A kapena F, khalani kaye pansi, ndegeyi sikusiyani."

Ena anaseka, ena anang'ung'udza. Mabanja anayi a ana aang'ono analowa, ndi mayi wina wa panjinga ya olumala. Kenaka anaitana a A ndi F.

Zinayenda monga analotera. Anthu ankafika, iye kuona chiphaso, makina owerenga ziphaso kulira kuti tii, munthu kudutsa. Ankalowa m'khonde lotchinga lochokera pachipata kukafika pakhomo la ndege, ndipo mzere sunkaima. Bambo wina wamimba yake anayesa kubisa chilembo cha D ndi chala chachikulu. Nazenera anamubweza akumwetulira. A Kapitawo anamutsinzinira diso limodzi posonyeza kuti wachita bwino.

Pamphindi yachisanu panafika agogo awiri. Aamuna anali aatali, ovala suti yotuwa ndi tayi, nsapato zopolishidwa bwino. Aakazi anali aafupi, akuyenda pang'onopang'ono pambuyo pawo. Chiphaso cha aamuna chinali 23A, cha aakazi 23B.

"Mwanangu," anatero agogo aakazi motsitsa mawu, "ifeyo tilowe limodzi."

"Pepani, agogo. A B adikire kaye pang'ono. Mphindi zinayi zokha, ndikuitanani."

Agogo aakazi anatsegula pakamwa ngati anena kanthu. Anayang'ana amuna awo, anayang'ananso anthu amene anali pambuyo, n'kuweramitsa mutu.

"Mverani malamulo, amayi," anatero agogo aamuna ndi mawu amphamvu. "Mwanayu akugwira ntchito yake. Ine ndaphunzitsa ana kufola kwa zaka makumi anayi, lero ndidumphe mzere?"

Pamenepo Nazenera anaona dzanja. Agogo aakazi anali atagwira m'munsi mwa jekete la amuna awo cha kumbuyo, ndi zala ziwiri zokha, pamalo poti ena sangaone. Anaona zalazo zikusiya jeketelo, china kenaka chinzake.

Anaona ndithu, tisamubisire. Koma anakumbukira mawu a Kapitawo, anamva wotchi ikugunda pambali pake, ndipo anayang'ana kumbali.

"Wotsatira!" anatero.

5. M'khonde

Sipanathe mphindi ziwiri, mzere unaima. Anthu anadzaza m'khonde mpaka kufika pachipata. Nazenera anasiyira a Kapitawo makina n'kuthamangira mkati, Bwana Wotchi ali pambuyo pake.

Pafupi ndi khomo la ndege anapeza agogo aamuna aja ataima pakatikati, atatembenukira kumbuyo. Dzanja limodzi linali litagwira khoma. Nkhope yawo sinali ija ya pachipata.

"Amayi akwathu ali kuti?" ankafunsa aliyense amene anali pafupi. "Kodi kuno n'kuti? Ndani wandilowetsa muno? Amayi akwathu mwawasiya kuti?"

Wothandiza anthu m'ndege anayesa kuwagwira mkono, koma iwo anaukoka mwamantha. Anthu a pambuyo anayamba kudandaula. Wina anati, "Tasunthani madala, ena tili ndi ulendo!"

Bwana Wotchi anayandikira khutu la Nazenera. "Aimike pakona apo, pamene timasiya njinga za ana. Mlonda awayang'anira, alowa pomaliza ndi akazi awo. Uli pamphindi zisanu ndi ziwiri. Ukachita changu ukwanitsabe."

Zinali zoona. Pakonapo panali malo okwana munthu mmodzi. Mzere ukanayambanso kuyenda nthawi yomweyo. Agogowo akanangoima pamenepo kwa mphindi khumi, anthu oposa zana akuwadutsa ndi kuwayang'ana.

Nazenera anayang'ana manja awo. Chiphaso chija anali atachipotokola mpaka chayamba kung'ambika.

"Pepani, Bwana," anatero. "Sindingathe."

Anauza wothandiza uja kuti asawasunthe agogowo, ndipo iye anabwerera akupanikizana ndi anthu ndi zikwama zawo. Anapeza agogo aakazi ataima pomwe anawasiya paja, maso ali kukhonde, chikwama chawo atachikumbatira pachifuwa.

"Agogo, tiyeni. Ndinalakwa ine."

Mawondo a agogowo anali ovuta, choncho anayenda pang'onopang'ono. Anthu anapatuka mokakamizika. Nazenera ankamva sekondi iliyonse ikudutsa, koma sanawakoke.

"Anayamba kuiwala chaka chatha," ananong'ona agogo aakazi ali m'njira. "Pena amakhala bwinobwino monga unawaonera. Ndikawagwira jekete amadziwa kuti ndilipo, basi mtima wawo umakhala m'malo. Ndikananena bwanji pagulu paja, iwo akumva? Ndi munthu amene anthu ankamuvulira chipewa."

Agogo aakazi anafika pamene panaima amuna awo. Anazungulira kumbuyo n'kugwira m'munsi mwa jekete ndi zala ziwiri zija.

"Ndili pano, Aphunzitsi."

Mapewa a agogo aamuna anatsika. Anakonza tayi yawo. "Aa, munatsalira kuti nanga? Tiyeni, tikuchedwetsa anthu."

Nazenera anawaperekeza mpaka mkati. Miyezi itatu yonse iye anali asanadutsepo khomo la ndege. Mkatimo munali kuwala kofewa, ndipo munkamveka fungo la sopo lomwe ankalimva pa zovala za amayi ake madzulo alionse. Malamba onse anali opindidwa mofanana. Mazenera anali mbee. Kwa kanthawi kochepa anaona ngati akuyenda m'loto lake lija, moti podutsa pamzere wa khumi ndi chiwiri anakhudza mpando wa pazenera ndi dzanja.

Pamzere wa 23 anakhazika agogo aja pansi. Asanachoke anakweza chotsamira mkono chimene chinali pakati pawo.

Atabwerera pachipata anapeza zimene a Kapitawo ananena zachitikadi. Anthu onse anali ataimirira, ataunjikana pamakina, aliyense akukweza chiphaso chake m'mwamba. Nazenera anatenga maikolofoni.

"Ndimvereni, chonde. Amene muli ndi munthu woti simungasiyane naye, bwerani awiriawiri kumanja kuno, osafunsidwa chifukwa. Ena nonse tipitirize monga tinayambira. A ndi F amene atsala, kenaka B ndi E."

Pamenepo ndiye panaoneka chikondi chodabwitsa. Bambo wamimba uja mwadzidzidzi anapezeka kuti sangasiyane ndi mnyamata amene anangodziwana naye pamzere. Koma ambiri anachita manyazi n'kubwerera m'malo awo. Kumanja kunabwera mtsikana wina atagwira mkono wa mchemwali wake woyembekezera, ndi mabanja ena awiri achikulire. A Kapitawo anatambasula manja n'kuwongola mzere, akung'ung'udza koma akugwira ntchito.

A B ndi E analowa. A C ndi D analowa. Munthu womaliza atakhala pansi, wailesi inati, "Onse akhala." Bwana Wotchi anadina batani.

6. Mphindi 19, masekondi 40

"Mphindi 19, masekondi 40," anatero Bwana Wotchi. "Anzako onse wawaposa. Koma ine ndinati 18."

"Inde, Bwana."

"Ndinakuuza chochita, iwe n'kukana. Chifukwa chiyani?"

"Amayi anandiuza kuti ndiziyang'ana manja a anthu. Ndinachedwa kuwamvera."

Bwana Wotchi anapukusa mutu. "Mawu anga sindisintha. Malo aja ndikatenga munthu kuchipata china." Atatero anatembenuka n'kumapita.

Nazenera anapita pazenera lake. Ndege inabwerera chambuyo, inakhota, inathamanga, n'kunyamuka. Anayesa kulota monga mwa masiku onse. Anayesa kuona diresi labuluu pa kazenera ka khumi ndi chiwiri, koma loto linakana kubwera. Ankangoona ndege ikuchepa mpaka kulowa m'mitambo. Mtima unamupweteka kwambiri.

Anatsika masitepe kupita kuchipinda cha okonza, kumene kunali mabenchi awiri, sinki ndi zingwe zoyanikapo nsanza. Amayi ake anali pasinki akuchapa. Anzawo atatu ataona Nazenera anatuluka mwakachetechete.

"Amayi," anatero, misozi ili chuchuchu, "mpando wanu uja ndautaya."

"Ndamva. Wailesi ya m'galimoto mwathu inali yotsegula."

Nazenera anawafotokozera zonse, za agogo awiri aja ndi zimene Bwana Wotchi anamuuza zowaimika pakona.

"Zala zija ndinaziona, Amayi. Ndinaziona pachipata pomwe, koma ndinayang'ana kumbali. Ndikanawalola nthawi yomweyo, bwenzi nditangotaya masekondi ochepa."

"Pamenepo ndiye unalakwadi," anatero amayi ake akufinya nsanza. "Sindikunyengerera ayi. Agogo aja anachita mantha chifukwa cha iwe, ndipo uzikumbukira zimenezo nthawi zonse ukaima pachipata. Koma ubwino wake unabwerera. Tandiuza, ukanawaimika pakona paja, n'kundibweretsera tikiti, ine ndikanakwera bwanji? Ndikanakhala pazenera n'kumaona nkhope ya agogo aja m'galasi ulendo wonse. Ulendo wotero sindikuufuna ine."

Anapukuta manja pa epuloni n'kugwira nkhope ya mwana wawo.

"Zaka 19 ndakhala ndikupukuta mazenera oti ena aonerepo, ndipo palibe amene anafunsapo kuti wapukuta ndani. Lero tili m'galimoto tangomva pawailesi kuti mtsikana wa pachipata chachinayi waimitsa anthu onse chifukwa cha nkhalamba imodzi. Dalaivala anafunsa kuti, 'Kodi ameneyo ndi mwana wa ndani?' Ine ndinaimirira m'galimoto momwemo mpaka kugunda mutu kudenga. Ndinati, 'Ndi wanga! Ameneyo ndi wanga!'"

Nazenera anaseka akulira. Amayi ake anamukumbatira, manja awo akununkhira sopo uja wa m'ndege.

Ali chikumbatirane choncho, kukhomo kunamveka kugogoda. Anali a Kapitawo, akupuma mwawefuwefu chifukwa cha masitepe. M'khwapa anali atapanira thireyi ya mazira ija. M'dzanja munali chinthu chimene palibe munthu anachionapo chitachoka m'khosi mwa mwini wake. Inali wotchi ya Bwana Wotchi, manambala ake ataima pa 19:40.

"Akuti ndikupatse," anatero a Kapitawo. "Akuti mawa m'mawa ubwere nayo ku ofesi yawo ya pamwamba, pamodzi ndi thireyi yakoyi."

"Akukandichotseratu, Bambo?"

"Sananene, ndipo ine sindinafunse. Koma anawonjeza mawu ena. Akuti usabwere wekha. Ubwere ndi amene anakuuza za manja a anthu."

Amayi a Nazenera anayang'ana epuloni yawo yonyowa, kenaka anayang'ana kudenga. Pa zaka 19 zonse, anali asanapondepo masitepe opita ku ofesi ya pamwamba.